Chilembo Chimodzi Chimene Chimapatsa Khansa Nthawi

 Iyi ndi nkhani ya tinthu tosaoneka ndi maso, koma timene timakhudza moyo ndi imfa ya anthu amene timawakonda.

Aliyense amene anadwazikapo munthu wa khansa amalidziwa funso limene limabwera zotsatira zikangochoka ku labotale. Achibale amakokera dokotala pambali n'kufunsa chapansipansi kuti, "Adokotala, musatibisire, matendawa afika pati?" Funso limeneli ndi lolemera. Anthu awiri akhoza kukhala ndi zotupa zofanana kukula, pamalo amodzi, zooneka chimodzimodzi pa maikulosikopu, koma wina n'kukhala zaka 15 osamvanso kanthu, mnzake n'kubwerera kuchipatala chaka chisanathe. Mbali ina ya kusiyana kumeneku inabisala mu jini yotchedwa TERT, imene imapanga enzaimu ya telomerase.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Ntchito yaikulu ya kusintha kwa jini imeneyi ndi kuchotsera khansa malire a moyo wake. Kumaipatsa nthawi. Zimene khansayo idzachite ndi nthawiyo zimadalira chiwalo chimene yamera ndiponso zolakwika zina zimene ili nazo kale. N'chifukwa chake kusintha kumodzimodzi kumakhala uthenga woopsa kwa wodwala wina, koma kwa wina ayi.

Malire amene selo limabadwa nawo

Thupi lathu ndi lomangidwa ndi maselo, ndipo selo limachulukana pogawikana pawiri. Lisanagawikane limayenera kukopera DNA yake yonse, zilembo zoposa mabiliyoni 6 zosungidwa m'makromozomu 46. Kromozomu iliyonse ili ndi nsonga ziwiri, ndiye kuti selo limodzi lili ndi nsonga 92. Pansonga iliyonse pali zilembo zisanu ndi chimodzi, TTAGGG, zobwerezedwa kambirimbiri. Mwana akamabadwa, mzere umenewu umakhala wa zilembo pafupifupi 10,000. Ndiwo umene timautcha telomere.

Chimene chimakopera DNA m'selo chili ndi chilema chimodzi: sichitha kukopera mpaka kumapeto kwenikweni kwa kromozomu. Alexey Olovnikov wa ku Moscow anazindikira zimenezi mu 1971, ndipo James Watson anazifotokozanso mu 1972. Nthawi iliyonse selo likagawikana, zilembo 50 mpaka 100, nthawi zina kuposerapo, zimatsalira kunsonga n'kutayika.

Taganizirani telala wodziwa ntchito. Akamasoka diresi amasiya nsalu yowonjezera mkati mwa misoko ndi pampendero. Nsalu imeneyo sioneka, ndipo si imene mwini diresi anakopeka nayo m'sitolo, koma ndi imene imadyeka nthawi iliyonse diresi likapita kokakonzedwa. Ikatha, sizasi imayamba kudya diresi lenilenilo. Telomere ndi nsalu yosiyidwa dala imeneyo. Ilibe malangizo a maonekedwe a munthu kapena a ntchito ya chiwalo chilichonse. Ilipo kuti idyeke m'malo mwa majini ofunika.

Mu 1961, Leonard Hayflick ndi Paul Moorhead, ku Wistar Institute mumzinda wa Philadelphia, anaona kuti maselo abwinobwino a munthu akamaleredwa mu labotale amagawikana maulendo 40 mpaka 60, kenako amaima. Safa msanga, koma sachulukananso. Mu 1990, Calvin Harley, Bruce Futcher ndi Carol Greider anaonetsa kuti maselo otere akamayandikira malirewo, telomere yawo imakhala ikufupika.

Kukalamba kwa selo kotereku ndi chitetezo chathu. Chotupa chachikulu sentimita imodzi chimakhala ndi maselo pafupifupi biliyoni imodzi, ndipo kuti selo limodzi lifike pamenepo pamafunika kugawikana maulendo 30 ngati palibe ngakhale limodzi lofa panjira. Koma ambiri amafa, ndipo selo loyambalo limakhala litadya kale mbali ya gawo lake pa zaka za moyo wa munthuyo. Motero timagulu tambirimbiri ta maselo osokonekera timayamba m'matupi mwathu, n'kutha mphamvu tisanafike pokhala matenda.

Maselo ena amadumpha malire oyambawo ngati mapuloteni olondera selo, p53 ndi Rb, awonongeka. Amapitiriza kugawikana mpaka telomere kutheratu. Zimene zimachitika pamenepo anaziona koyamba Barbara McClintock chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, m'maselo a chimanga. Nsonga za makromozomu zikakhala poyera zimamatirirana, selo likamagawikana zimakokedwa n'kuduka, zoduka zija n'kumatirirananso. DNA imasokonezeka koopsa, ndipo pafupifupi maselo onse amafa. Limodzi pa mamiliyoni ambiri limapulumuka, ndipo limapulumuka chifukwa lapeza njira yowonjezera telomere yake.

Enzaimu yowonjezera nsonga

Njira imeneyi inapezeka m'kanthu ka selo limodzi kokhala m'madzi a m'zithaphwi, kotchedwa Tetrahymena. Elizabeth Blackburn, wobadwira ku Tasmania m'dziko la Australia, anasankha kanthu kameneka chifukwa kali ndi timakromozomu tambirimbiri, choncho nsonga zake n'zosavuta kuzipeza. Pa 25 December 1984, wophunzira wake Carol Greider, ali ndi zaka 23, analowa mu labotale ku Berkeley kukatsuka filimu ya zimene anayesa masiku apitawo. Pafilimupo panaoneka timizere takuda tondondozana, totalikirana mofanana, kalikonse kuposa kanzake ndi zilembo zisanu ndi chimodzi. Chinachake m'madzi a selo chinali kuwonjezera telomere, chidutswa ndi chidutswa. Blackburn, Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa cha ntchito ya telomere ndi telomerase.

Telomerase ili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi kachidutswa ka RNA kamene kamanyamula chitsanzo cha zilembo zoyenera kulembedwa. Ina ndi puloteni yolemba zilembozo, yopangidwa ndi jini ya TERT imene ili pa kromozomu 5. RNA ija imapezeka m'maselo ambiri, koma jini ya TERT imazimitsidwa mwana akamaumbika m'mimba. Imatsala yoyaka m'maselo obereketsa, komanso pang'ono m'maselo amene ntchito yawo ndi kupanga maselo atsopano m'mafuta a m'mafupa, m'matumbo ndi pakhungu.

Mu 1994 ofufuza anayeza tizidutswa ta zotupa za khansa 101 ndipo anapeza telomerase ikugwira ntchito mu 90. M'tizidutswa 50 ta minofu yabwinobwino sanaipeze ngakhale mu kamodzi. Lero tikudziwa kuti khansa 85 mpaka 90 pa 100 zilizonse zimadalira telomerase, ndipo zambiri mwa zotsalazo zimakopera telomere kuchokera ku kromozomu ina mwa njira yotchedwa ALT. Funso limene linatsala kwa zaka pafupifupi 20 linali lakuti: jini yozimitsidwa munthu asanabadwe imayakanso bwanji?

Yankho la chaka cha 2013

Kumayambiriro kwa 2013, magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa magulu awiri amene anafika pamalo amodzi kudzera njira zosiyana. Gulu la Rajiv Kumar ku Heidelberg ndi Dirk Schadendorf ku Essen, m'dziko la Germany, linkatsatira banja lina limene anthu ake ambiri ankadwala khansa ya pakhungu ya melanoma adakali aang'ono. Gulu la Levi Garraway ku Boston linkawerenga DNA yonse ya zotupa za melanoma. Onse anapeza kusintha, osati mkati mwa jini ya TERT, koma kutsogolo kwake, pamalo oyatsira jiniyo amene asayansi amawatcha promoter. Gulu la ku Boston linakupeza m'zotupa 50 mwa 70.

Chinthu chofala chotere chinabisala nthawi yonseyi chifukwa ofufuza ambiri ankawerenga kagawo kochepa ka DNA, kosapitirira 2 pa 100, kamene kamapanga mapuloteni. Malo oyatsira jini ali kunja kwa kagawo kameneko.

Tiyeni tiyang'ane pafupi. Zilembo 124 jini ya TERT isanayambe pali chilembo C. Zilembo 146 isanayambe palinso C wina. M'chotupa, mmodzi mwa awiriwa amasanduka T. Pamapepala a zotsatira mudzaona atalemba C228T kapena C250T, manambala ochokera ku malo amene zilembozi zili pa kromozomu 5. Kawirikawiri chotupa chimakhala ndi kusintha kumodzi mwa kuwiriku, osati konse. Chilembo chikasintha choncho, pamalopo pamapangika mndandanda watsopano wokhala ndi GGAA, umene mapuloteni oyatsa majini a m'banja la ETS amauzindikira. Mu 2015 gulu la Joseph Costello ku San Francisco linaonetsa kuti puloteni imene imadzakhala pamalopo ndi GABP. Puloteni imeneyi ili kale m'maselo athu ndipo imagwira ntchito zake zabwinobwino. Chilembo chimodzi chija chimangoipatsa pokhala pamene sinayenere kukhala, ndipo jini ya TERT imayaka.

Kuyakako si kwakukulu. Poyesa mu labotale, mphamvu ya malo oyatsirawo inakwera kawiri mpaka kanayi basi. Mu 2017 gulu la Dirk Hockemeyer ku Berkeley linaonetsa kuti poyamba telomerase yochepayi siletsa telomere zonse kufupika. Imangokonza zimene zafupikitsitsa, kuti selo lisafe. Selo limakhala likuyenda m'mphepete mwa imfa kwa nthawi yaitali, makromozomu ake akusokonekera, zolakwika zatsopano zikuunjikana, mpaka telomerase itakwera mokwanira kuti lisadzafenso ndi ukalamba.

Dongosolo limeneli limaoneka bwino pa melanoma. Timadontho takuda tambiri timene anthu ali nato pakhungu tili kale ndi kusintha kwa jini yokulitsa maselo yotchedwa BRAF, koma timakula pang'ono n'kuima, ndipo si khansa. Kafukufuku wa ku San Francisco wa 2015 anaonetsa kuti kusintha kwa TERT kumalowa pambuyo pake, kadontho kakayamba kusandulika koma kasanalowerere mkati mwa khungu. Zolakwika zothandiza khansa kuboola minofu ndi kufalikira zimabwera pambuyo pa zonsezi. TERT ndiyo imasunga selo lamoyo kufikira zolakwika zomalizazo zitafika.

Ndinene pano mawu otonthoza achibale. Banja limene anthu a ku Heidelberg ankalitsatira linali ndi kusintha kwa kumtundu, kopatsirana kwa makolo ndi ana, ndipo mabanja otere ndi osowa kwambiri. C228T ndi C250T zimachitikira m'chotupa momwemo pa moyo wa munthu. Mayi akapezeka nazo m'chotupa chake, sizitanthauza kuti ana ake anabadwa nazo.

Ziwalo zina kwambiri, zina pang'ono

M'chaka chomwecho cha 2013, ofufuza a ku mayunivesite a Duke ndi Johns Hopkins anayeza zotupa zoposa 1,000 za mitundu yambiri. Anapeza kusinthaku mu 83 pa 100 za khansa ya mu ubongo ya glioblastoma. Kunali kofalanso m'khansa ya m'chikhodzodzo ndi ya m'chiwindi. Koma m'khansa ya m'matumbo, ya m'mawere, ya prostate ndi ya m'magazi, kunali kosowa.

Chifukwa chake n'chomveka. M'matumbo ndi m'mafuta a m'mafupa maselo amasinthidwa tsiku ndi tsiku, ndipo maselo amene amabala anzawo kumeneko ali kale ndi telomerase yoyaka. Khansa yochokera mwa iwo siipindula kwenikweni ndi chilembo chatsopano. Mu ubongo, m'chiwindi, m'chikhodzodzo ndi m'chithokomiro maselo sagawikana kawirikawiri ndipo TERT ndi yozimitsidwa ndithu. Kumeneko selo limene lapeza chilembo chimenechi limasiya anzake onse m'mbuyo.

Tsogolo la wodwala

Tsopano tifike pa zimene wodwala ndi omudwazika amafuna kumva. Ndipereka zitsanzo zisanu, ndipo muone mmene uthenga ukusinthira.

Choyamba ndi khansa ya m'chithokomiro. Zotupa zambiri za pakhosi zimene timaona si khansa, ndipo ngakhale khansa yofala ya m'chithokomiro, yotchedwa papillary, imachizika bwino mwa anthu ochuluka. Kusintha kwa TERT kumapezeka mwa wodwala pafupifupi mmodzi pa 10 alionse a khansa imeneyi, makamaka achikulire, ndipo kumachuluka kwambiri m'mitundu yolusa ya khansa ya m'chithokomiro. Mu 2014, Mingzhao Xing ndi anzake ku Johns Hopkins anatsatira odwala 507. Mwa amene analibe kusintha kwa BRAF kapena kwa TERT, khansa inabwereranso mwa 25 pa anthu 287, osafika 9 pa 100. Mwa amene anali ndi kusintha konse kuwiri, inabwereranso mwa 24 pa anthu 35, pafupifupi 69 pa 100. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. BRAF imakankha selo kuti lichulukane, ndipo njira imene imadzutsa imalimbikitsanso mapuloteni aja oyatsa TERT. Ziwirizi zikakumana, dokotala ali ndi chifukwa chochitira opaleshoni yokwanira bwino ndi kumuona wodwalayo pafupipafupi.

Chachiwiri ndi meningioma, chotupa cha nembanemba yokuta ubongo. Zambiri mwa izi zimakula pang'onopang'ono ndipo opaleshoni imathandiza. Mu 2016 Felix Sahm ndi anzake ku Heidelberg anayeza zotupa 252 ndipo anapeza kusintha kwa TERT mu zochepa, pafupifupi 6 pa 100. Koma mwa odwala ochepawo, theka anali ataona chotupa chikukulanso pomatha miyezi 10. Mwa opanda kusinthaku, nthawi yofananayo inali miyezi 179, zaka pafupifupi 15. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization, pokonzanso magulu a zotupa za mu ubongo mu 2021, linati meningioma yokhala ndi kusintha kumeneku iziikidwa pa giredi 3, yoopsa kwambiri, ngakhale ikuoneka yofatsa pa maikulosikopu.

Chachitatu ndi glioma, chotupa cha mu ubongo, ndipo apa m'pamene munthu ayenera kusamala. Mitundu iwiri ya glioma ili ndi kusintha kwa TERT kochuluka. Wina ndi glioblastoma, imene ngakhale wodwala alandire opaleshoni, cheza ndi mankhwala, theka la odwala sapitirira miyezi pafupifupi 15. Wina ndi oligodendroglioma, imene odwala ambiri amakhala nayo zaka zoposa 10. Chilembo n'chimodzimodzi, malo ndi amodzimodzi. Kusiyana kuli pa anzake oyenda nawo. Oligodendroglioma imakhalanso ndi kusintha kwa jini ya IDH ndiponso imataya mbali za kromozomu 1 ndi 19, ndipo khansa yotere imayenda pang'onopang'ono n'kumvera mankhwala. TERT ikakhala yokha popanda IDH, uthenga ndi woipa. Kafukufuku wa Mayo Clinic ndi University of California ku San Francisco wa 2015, wa zotupa 1,087, anaonetsa zimenezi poyera. Lero glioma ya munthu wamkulu yopanda kusintha kwa IDH koma yokhala ndi kwa TERT imatchedwa glioblastoma, giredi 4, ngakhale maso a katswiri wa labotale akuiona ngati ya giredi yotsika. Amene angawerenge mzere wa TERT wokha papepala la zotsatira akhoza kuliritsa banja limene liyenera kulimba mtima, kapena kulimbitsa mtima banja limene liyenera kukonzekera.

Chachinayi ndi khansa ya m'chikhodzodzo. Kumeneku kusinthaku kumapezeka mwa odwala 60 mpaka 80 pa 100 alionse, m'zotupa zazing'ono ndi zazikulu zomwe, zofatsa ndi zolusa zomwe. Popeza kuli paliponse, sikuthandiza kwambiri kusiyanitsa amene adzachira ndi amene sadzachira. Phindu lake lili pena: maselo a chotupa amagwera mumkodzo, ndipo chilembo chija chikhoza kupezeka mmenemo. Ku Golestan, m'dziko la Iran, anthu masauzande ambiri anapereka mkodzo ali bwinobwino, n'kusungidwa. Patapita zaka, akatswiri a bungwe lofufuza za khansa la IARC anabwerera ku mkodzo wa anthu 30 amene pambuyo pake anadwala khansa ya m'chikhodzodzo. Mwa 14 chilembocho chinalimo kale, mwa ena zaka 10 matenda asanadziwike. Mwa anthu 101 amene sanadwale, sichinapezeke ngakhale mwa mmodzi.

Chachisanu ndi neuroblastoma, khansa ya m'mitsempha ya ana aang'ono. Madokotala akhala akudabwa kuti mwa makanda ena khansa imeneyi imafota yokha popanda mankhwala, pamene mwa ana ena imapha ngakhale alandire chithandizo champhamvu. Gulu la Matthias Fischer ku Cologne linaonetsa mu 2015 kuti m'zotupa zina zolusa kromozomu imaduka pafupi ndi TERT n'kulumikizana ndi malo ena amphamvu oyatsira majini. Mu 2018 linaonetsa kuti ana amene zotupa zawo zilibe njira iliyonse yosungira telomere amachira bwino kwambiri, ndipo zotupa zofota zokha zimapezeka m'gulu limeneli. Khansa imene sinapeze nthawi imatha yokha mphamvu. Ana amene zotupa zawo zili ndi njira yosungira telomere pamodzi ndi zolakwika za jini ya RAS kapena ya p53 ndiwo ali pangozi yaikulu koposa.

Kumene nkhaniyi ikukhudza kwathu

Chilembo chosinthika si njira yokhayo yoyatsira TERT, ndipo njira zinazo ndi zimene zikutipweteka kuno. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka koposa padziko lonse. Kachilombo ka HPV kamene kamaiyambitsa kali ndi puloteni yotchedwa E6, imene imachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: imawononga p53, mlonda uja, ndipo imayatsa TERT. Maselo oyamba a munthu kukhala osafa mu labotale, otchedwa HeLa, anatengedwa mu 1951 ku Baltimore pa khansa ya khomo la chiberekero ya mayi wachikuda Henrietta Lacks, iye osauzidwa. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31. M'maselo ake ndi mmene telomerase ya munthu inapezeka koyamba mu 1989.

Kachilombo ka hepatitis B, kofala mu Africa muno, kamatha kulowetsa DNA yake mu DNA ya selo la chiwindi, ndipo malo amene kamapezeka kawirikawiri m'khansa ya m'chiwindi ndi pomwe paja poyatsira TERT. Mu Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba za ana imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, jini yolusa ndi MYC, ndipo MYC nayo imayatsa TERT. Pakhungu, cheza cha dzuwa chimakonda kusandutsa C kukhala T, ndipo kusintha kwa TERT n'kofala m'khansa za pakhungu zobwera ndi dzuwa. Abale athu achialubino ndiwo ali pamoto wa khansa zimenezi.

Kafukufuku wambiri amene ndatchula anachitika pa odwala a ku Ulaya, America ndi Asia, ndipo khansa zathu sizifanana ndi zawo nthawi zonse. Melanoma ya munthu wakuda imakonda kumera kuphazi, pamene dzuwa silifika, ndipo mtundu umenewo sukhala ndi C228T kapena C250T kawirikawiri. Khansa ya m'chikhodzodzo ya m'madera a likodzo nthawi zambiri ndi ya mtundu wina, wosiyana ndi umene umachuluka ku Ulaya. Kuyeza mkodzo kuja kuyenera kuyesedwa pa odwala athu tisanakudalire. Ophunzira athu, ntchito ndi imeneyo, ndipo palibe amene adzaigwire bwino kuposa inu amene mumawaona odwalawa.

Mankhwala, ndi chenjezo

Ngati khansa zambiri chotere zimadalira telomerase, bwanji osangoitseka? Ayesa. Vuto loyamba ndi nthawi yomwe ija: ukatseka telomerase lero, selo la khansa limapitiriza kugawikana mpaka telomere imene lili nayo itatha, ndipo wodwala mwina sangadikire. Vuto lachiwiri ndi lakuti mafuta a m'mafupa amafunanso telomerase, choncho magazi amavutika. Katemera wa GV1001, wophunzitsa chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi maselo okhala ndi telomerase, anayesedwa ku Britain pa odwala oposa 1,000 a khansa ya kapamba, ndipo zotsatira za 2014 zinaonetsa kuti sanatalikitse moyo. Mu June 2024 bungwe la FDA ku America linavomereza imetelstat, mankhwala oyamba otseka telomerase, koma pa matenda amodzi a m'mafuta a m'mafupa otchedwa myelodysplastic syndrome. Poyesa, odwala 40 pa 100 anatha milungu isanu ndi itatu osaikidwa magazi, poyerekeza ndi 15 pa 100 mwa amene sanalandire. Ndi chiyambi chenicheni, koma zotupa za mu ubongo, pakhungu ndi m'chiwindi zikudikirabe. Ena akufufuza njira yoletsa GABP kukhala pamalo atsopano aja, popeza malowo ali m'chotupa mokha.

Chenjezo langa ndi ili. Pa Facebook ndi pa WhatsApp mudzaona malonda a mankhwala akuti amatalikitsa telomere n'kubweza ukalamba. N'zoona kuti telomere yaifupi kwambiri imadwalitsa: anthu obadwa ndi TERT yofooka amauma mapapo, ndipo mafuta a m'mafupa awo amalephera kupanga magazi. Koma yaitali kwambiri nayonso ili ndi mtengo wake. Mu 2023, Mary Armanios ndi anzake ku Johns Hopkins anafotokoza za mabanja obadwa ndi telomere zazitali chifukwa cha kusintha kwa jini ya POT1, ndipo anthu ambiri a m'mabanjawo anali ndi zotupa zamitundumitundu. Thupi linaika malire amenewa ndi cholinga. Musataye ndalama zanu pofuna kuwachotsa.

Zoti tichite

Kwa inu madokotala ndi ophunzira: kuyeza TERT kukayamba kufika pamapepala a odwala anu, musawerenge mzere umodzi. Funsani kuti chotupa chachokera m'chiwalo chiti, wodwala ali ndi zaka zingati, BRAF ili bwanji, IDH ili bwanji, chotupa chachotsedwa chonse kapena ayi. Ndipo manambala onse amene ndapereka ndi a magulu a anthu. Mwa odwala 35 aja a khansa ya m'chithokomiro, 11 khansa sinawabwerere pa nthawi imene ankatsatiridwa. Munthu amene wakhala patsogolo panu ayenera kuuzidwa zoona zonse, zoopsa ndi zolimbikitsa zomwe, m'chinenero chimene akumva.

Kwa inu amene mumagawa chuma cha zaumoyo: zilembo ziwiri zija zili pamalo odziwika, motalikirana zilembo 22 zokha. Kuziyeza sikufuna kuwerenga DNA yonse ya munthu. Dziko limene laphunzira kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi ndi kupeza TB ndi makina a GeneXpert lili ndi anthu amene angaphunzirenso zimenezi. Choyamba n'chakuti kachidutswa ka chotupa kafike ku labotale kosawonongeka, ndipo zotsatira zibwerere wodwala asanatope n'kudikira.

Kwa inu makolo: njira yotchipa koposa yolimbana ndi telomerase ya khansa ili kale m'zipatala zathu. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a makanda kuyambira 2002. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse la Malawi mu 2019. Mtsikana amene wabayitsa watsekera khomo puloteni ija ya E6 isanalowe. Amayi, kayezetseni khomo la chiberekero musanamve kupweteka, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwana wachialubino apatsidwe chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa, ndipo chilonda chosapola chikaonedwe msanga. Mkodzo wa magazi, chotupa cha pakhosi chimene chikukula, kadontho ka kuphazi kamene kakusintha maonekedwe, zonsezi zipite kuchipatala mwezi womwewo. Khansa imafuna zaka kuti isonkhanitse zolakwika zake, ndipo zaka zimenezo ndi mpata wathu woipeza idakali yochizika.